Chitseko cha Kasopo

Achemwali anga agwira ntchito yokonza zipinda pa hotela imodzimodziyo kuyambira ali ndi mwana wa kumsana mpaka lero imvi zili mbuu m'mutu. Anzawo a kuntchito amawatchula kuti Amakiyi, chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalendewera m'chiuno mwawo kale, zitseko zisanayambe kutsegulidwa ndi makhadi. Makiyiwo anatha, dzinalo linatsala. Ine ndine mng'ono wawo, ndipo tinabadwa awiri okha. Ndimakhala m'tauni ina, ulendo wautali ndithu pa basi, m'nyumba imene anandisiyira malemu amuna anga.

Ntchito yawo sindinaionepo ndi maso, koma ndimaidziwa ngati ndinaigwirapo. Amalowera pa geti la kumbuyo, pafupi ndi migolo ya zinyalala, pakuti khomo la kutsogolo ndi la alendo. Amavala yunifomu yotuwa, foni amaitsekera m'kabati yachitsulo, kenako amakankha kangolo ka mabedishiti ndi matawulo m'kanjira kakatali ka kapeti kopanda zenera. Chipinda chilichonse n'chofanana ndi chinzake. Kuyalula bedi, kuyala lina, kupinda ngodya zake mpaka zithwe, kutsuka bafa, kutola tsitsi la anthu osawadziwa pa kabowo kotulukira madzi, kupukuta galasi osasiyapo chidindo cha chala. Akafika kunyumba msana umakhala utauma, moti nsapato amavula atakhala pansi.

Kuseri kwa chitseko chilichonse kumakhala kakhadi kofiira. Mlendo akafuna kuti asasokonezedwe amakakoleka kunja, pa chogwirira. Kulemera kwa kakhadi kameneka achemwali anakuphunzira atangoyamba ntchito. Tsiku lina anamva madzi akukhuthuka m'chipinda chimene chinali ndi kakhadi, ndipo anada nkhawa kuti mwina mpopi waiwalika. Anagogoda, sanayankhidwe, analowa. Munali bambo wina wamkulu akusamba, chitseko cha bafa chosatseka. Bamboyo anakalipa mpaka ku ofesi ya manijala. Achemwali anawaimika pamaso pake kuti apepese, anthu akuonerera. Zitatha izo, akapitawo a nthawi imeneyo anawakokera m'chipinda chosungira mabedishiti.

"Tamvera iwe," anatero akapitawo. "Kakhadi kakakhala pa chitseko, ulibe makutu, ulibe mphuno. Ukufuna kudziwa ngati munthu ali moyo? Yang'ana thireyi."

Alendo odzitsekera amaitanitsa chakudya m'chipinda, ndipo akadya amatulutsa thireyi pakhomo. Okonza zipinda amangoyang'ana pamenepo. Kapu ikakhala yopanda tiyi, buledi atanyemedwa, ndiye kuti mwini wake ali bwino, pitirira ndi kangolo kako. Achemwali anaugwiritsa mwambo umenewu kuposa wina aliyense, ndipo sanadandaulidwenso ndi mlendo.

Lamulungu ndi tsiku limene alendo ambiri amachoka, choncho ndi tsiku limene ntchito imachuluka. Achemwali, amene tili ana ndiwo ankandidzutsa kuti tisachedwe ku tchalitchi, anayamba kupezekako mwa apo ndi apo, kenako analekeratu. Tsiku lawo lopuma linkagwa pakati pa sabata, pamene aliyense ali kuntchito ndipo ana ali kusukulu. Ankachapa, kusita, n'kugona. Mlamu wanga, amuna awo, anali makaniko wanthabwala. Ankakonda kuuza anzake kuti mkazi anakwatiwa ndi hotela, iwo amangobwereka. Anthu ankaseka, achemwali nawonso ankaseka. Chaka china nthabwala ija inatha, mlamu anasamukira kwa mayi wina wa golosale amene ankatseka dzuwa lisanalowe. Panalibe ndewu. Achemwali anawapindira okha zovala m'sutikesi, malaya pamwamba kuti asakwinyike. Pa maliro a mayi athu anafika m'mawa wa tsiku loika, madzulo ake anali atakwera kale basi. Achibale analankhula zambiri, ine ndinangokhala chete, pakuti mankhwala onse amene mayi anamwa m'matenda awo anachokera m'thukuta la kuhotela komweko.

Mwana wawo ndi mmodzi, wamkazi. Akapitawo ankalola antchito kutenga timasopo totsala ta alendo, ndipo achemwali ankatiumba pamodzi n'kumasambitsira mwanayo. Kusukulu ankanunkhira mosiyana ndi anzake, ndiye anamupatsa dzina loti Kasopo. Mpaka lero tonse timamuitana choncho. Anakula ndi kiyi wa nyumba pakhosi, pa kachingwe. Akaweruka ankadzitsegulira yekha, kudziphikira tiyi, n'kudikira.

Ali wamng'ono, amayi ake anamubweretsera kakhadi kofiira kong'ambika pangodya kuti aziseweretsa. Akakwiya ankakakoleka pa chitseko cha chipinda chake n'kudzitsekera. Achemwali ankaseka, n'kumakauza anzawo kuntchito kuti kunyumba alinso ndi mlendo, koma wosalipira. Ndipo ankakamvera kakhadiko. Ankamusiyira mbale pakhomo, n'kukagona. Tchuthi china Kasopo ali kwathu anayesa zomwezo ndi kapepala. Malemu amuna anga anangokankha chitseko n'kunena kuti kuno si kuhotela mayi, tuluka udzatsuke mbale. Anatuluka msanga, akuseka, ngati munthu amene anaima kale kuseri kwa chitseko.

Kasopo anakula bwino, anaphunzira, anakwatiwa ndi mnyamata wa pa ofesi ina. Chaka chatha anali woyembekezera. Tsiku lake litafika zinthu zinavuta, ndipo mwana anabadwa wakufa. Kuchipatala sanamusunge nthawi yaitali, mabedi anali ochepa. Kwa apongozi ake kunamveka mawu amene sindikufuna kuwalemba pano, ndipo mwamuna wake sanamuikire kumbuyo. Kasopo ananyamula kachikwama n'kubwerera kwa amayi ake. Ine nthawi imeneyo ndinali chigonere ndi mwendo wotupa, sindikanatha kuponda pansi.

Sabata yomweyo kuhotela kunali msonkhano waukulu. Zipinda zonse zinadzaza, pamene antchito ena anali atachotsedwa kumene. Achemwali anapita kwa akapitawo atsopano, mtsikana wa msinkhu wa Kasopo, kukapempha masiku. Mtsikanayo sanali woipa mtima. Anawagwira dzanja, misozi ikulengeza, n'kuwauza kuti zimene zachitika zachitika kale, msonkhano ukatha adzapuma sabata yathunthu. Achemwali anathokoza n'kukatenga kangolo kawo.

Atafika kunyumba madzulo a tsikulo anapeza chitseko cha Kasopo chotseka. Pa chogwirira panali kakhadi kofiira kaja, kong'ambika pangodya, kamene kanagona m'dirowa zaka zonsezi.

Anachita zimene ankazidziwa. M'mawa uliwonse ankakonza thireyi: tiyi m'fulasiki, buledi, mazira owiritsa, botolo la madzi, zonse atavindikira ndi kansalu koyera. Pambali pake ankaika thawulo lopinda bwino. Ankanena motsitsa mawu kuti thireyi ili pakhomo, ndipo m'kati munkamveka kuti chabwino amayi. Akabwera madzulo ankapeza thireyi ili panja, madzi atatha, tiyi atatha, buledi atanyemedwanyemedwa. Mtima wawo unkakhala pansi. Anandiuza pambuyo pake kuti nthawi zina ankaima pa chitsekocho dzanja lili m'mwamba, koma dzanjalo linkatsika lokha.

Ndinkawaimbira foni akaweruka. Masiku oyamba ankangoti Kasopo akupuma, ndipo ine ndinkakhulupirira. Koma tsiku lina ndinawafunsa kuti nkhope yake ikuoneka bwanji.

"Mawu ake ndikumawamva," anatero.

"Ndafunsa nkhope, achemwali. Mwamuona?"

"Wakoleka kakhadi."

"Kakhadi kachiyani? Ameneyo si mlendo, ndi mwana amene munabala. Lowani."

"Iwe sudziwa. Munthu akafuna kulira payekha umamusiya. Ndaona ambiri ine."

Anandifotokozera za anthu amene anawaona pa zaka zonsezo: amuna ochotsedwa ntchito, amayi othawa m'mabanja, anthu amene ankadzitsekera m'chipinda masiku angapo kenako n'kutuluka atasamba, atapesa, akupereka moni. Anati chisoni chili ngati chithupsa, sufinya chisanapse. Anawonjeza kuti Kasopo akudya, thireyi ikuonetsa. Sindinawayankhe zambiri, chifukwa ndi akulu anga, ndiponso ankalankhula mwachikondi. Koma mtima wanga sunakhazikike. Ndinagwada n'kuuza Ambuye kuti ngati ndi mantha chabe andichotsere, ngati si mantha chabe andipatse mwendo. Kutacha ndinamanga mwendo uja ndi bandeji n'kukakwera basi.

Ndinafika masana, achemwali ali kuntchito. Kiyi wapadera amasunga ndi mayi woyandikana nawo nyumba, atelala, amene amasokera pakhonde. Atandiona anaimitsa makina. Anati akhala akumva kubuula kudzera pakhoma, ndipo anawauza Amakiyi, koma anayankhidwa kuti mwana akulira maliro ake. Anatambasula manja n'kunena kuti nyumba ya eni, iwo akanatani.

M'nyumba munali mowala, mpando uliwonse pamalo pake. Thireyi inali pakhomo la Kasopo. Botolo la madzi linali louma, fulasiki yopanda kanthu. Ndinasonkhanitsa tizidutswa ta buledi ndi chala, ndipo ndinaona kuti buledi yense analipo. Ananyema kokha, sanadye. Ndinaitana, sanayankhe. Ndinagwira chogwirira ndikuganiza kuti tifunika kuitana mmisiri adzathyole loko, koma chitseko chinangotseguka. Sichinali chokhoma.

Fungo ndilo linandilandira. Ndasamalirapo odwala ambiri a mumpingo mwathu, ndipo fungo limenelo ndimalidziwa. Kasopo anali pabedi atadzipinda, milomo itang'ambika, thupi likutentha ngati mbaula, koma mano akugundana. Kunsi kwa bedi kunali matawulo aja a m'mawa uliwonse, onse othimbirira magazi ndi mafinya, koma atapindidwa bwinobwino, kusanjidwa limodzi pamwamba pa linzake. Anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali asanandizindikire.

"Amayi aang'ono," anatero, "musawauze. Ali ndi msonkhano."

Atelala anathamanga kukaitana takisi. Tinamunyamula awiri ndi atelalawo, ine ndikutsimphina ndi mwendo umodzi. Kuchipatala namwino atangovundukula nsalu anandiyang'ana n'kufunsa kuti masiku onsewa tinali kuti. Adokotala anati m'mimba munatsalira zina pobereka paja, zawola, ndipo poizoni walowa m'magazi. Anati afunika opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo anafunsa mayi ake kapena mwamuna wake.

Mwamunayo foni yake inkangoitana. Ya achemwali inali m'kabati yachitsulo. Ndinaimbira ku hotela, ndipo anayankha mtsikana wa mawu okoma ngati uchi, amene anati antchito salandira foni nthawi ya ntchito, koma uthenga aupereka. Ndinamuuza kuti munthu akufa. Anati pepani kwambiri mayi, uthenga aupereka. Atelala anati asiyeni amenewo, n'kukwera njinga yamoto mpaka pa geti la kumbuyo. Alonda anawakaniza kulowa. Atelala si munthu wonong'ona. Anayamba kukuwa dzina la Amakiyi pageti pomwepo, akuuza alonda kuti mwanayo akafa adzabwera naye adzamuike m'kanyumba kawo kaulondako. Wophika wina amene ankasuta fodya pafupi ndi migolo ya zinyalala anamva, anataya ndudu n'kukwera masitepe.

Achemwali anandiuza okha zimene zinachitika m'mwambamo, ndipo anandiuza kamodzi kokha. Wophikayo anawapeza akuyala bedi. Anamva uthenga wonse, anaumvetsa, koma manja awo anapitiriza kupinda ngodya imene anaiyamba, mpaka inathwa, ndipo miyendo inayamba kuyenda pambuyo pake.

Anafika kuchipatala ali mu yunifomu. Kasopo anali atalowa naye kale m'chipinda cha opaleshoni, pakuti ine ndinavomera m'malo mwawo monga mayi wamng'ono. Tinakhala pa benchi m'kanjira. Sanalire. Ndinayamba kupemphera motsitsa mawu, ndipo nditamaliza panapita kanthawi ndithu asananene amen. Kenako anandifunsa ngati buledi uja anadyako ngakhale pang'ono. Ndinawauza zoona.

Adokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anati moyo aupulumutsa, koma chiberekero achotsa, sikukanatheka kuchisiya. Achemwali anaimirira, manja kumbuyo monga amaimira pamaso pa manijala, n'kufunsa kuti zikanatha bwanji akanabwera naye dzana. Adokotala anayang'ana nsapato zawo. Anati dzana zikanakhala zina.

Kasopo anatsitsimuka tsiku lotsatira. Amayi ake anali pambali pa bedi, akuwongola bulangeti limene linali lowongoka kale. Ine ndinali kumiyendo. Kasopo anayang'ana kudenga, kenako analankhula osatembenuka.

"Ndinkamva mapazi anu. Munkaima pakhomo. Ndinkati lero alowa."

"Unakoleka kakhadi, mwanangu."

"Ndinayamba kukakoleka ndisanadziwe n'kuwerenga komwe. Simunalowepo."

Kasopo anatseka maso. Za chiberekero anamuuza ndi adokotala tsiku linalo, ndipo sanalire pamaso pathu. Anangopempha kuti timutembenuzire kukhoma.

Sabata imene analonjezedwa ija anapatsidwadi, msonkhano utatha. Anaithera m'wodi. Ankamusambitsa, kumudyetsa, kukolopa pansi pozungulira bedi lake ngakhalenso la oyandikana naye, mpaka anamwino anayamba kuwaseka kuti Amakiyi tikulembeni ntchito kuno. Kasopo ankalandira zonse ndi zikomo, zikomo wa ulemu, wonga wopatsa munthu amene mwangokumana naye. Kuchokera kwa apongozi ake kunabwera malume a mwamunayo, anakhala pa mpando mphindi zochepa, n'kunena mozungulira kuti banja lopanda chiyembekezo cha ana n'lovuta. Panopa ndamva kuti mnyamatayo ali ndi mkazi wina.

Tsiku lotuluka m'chipatala Kasopo anati akufuna apite ndi ine. Anayankhula akuyang'ana ine, osati amayi ake. Achemwali anati n'zabwino, kwa mng'ono wanga kuli munthu masana onse. Anatinyamulira chikwama mpaka pa depoti, anatipezera mpando wa pazenera, anamuikira pilo kumsana. Basi itanyamuka ndinawaona ataima pomwepo, akuyang'ana matayala.

Ndinawapempha kangapo kuti asiye ntchito adzakhale nafe. Nyumba ilipo, chipinda cha malemu amuna anga chosungiramo zipangizo chikungokhala. Anati zaka zopumira pa ntchito zayandikira, akasiya pano ataya zonse, ndiponso mankhwala a Kasopo agula ndani. Zimenezo n'zoona. Koma tsiku lina anawonjeza kuti akadzuka m'mawa wopanda kopita sadziwa kuti manja awaike pati, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho n'choona kwambiri. Anabwerera ku kangolo kawo. Akapitawo aja anawalandira ndi maluwa otsala pa msonkhano wina.

Kasopo ali ndi ine mpaka pano. Thupi linabwerera, ndipo anapeza kantchito pa sitolo yogulitsa mabuku ndi zolembera. Amapita nane ku tchalitchi, ngakhale pa ubatizo wa ana amatuluka panja. Salankhula zambiri. Nyengo yozizira bala limamupweteka.

Achemwali amabwera pa tsiku lawo lopuma, mwezi ukatha. Amakwera basi yoyamba, amafika dzuwa lili pamutu, ndipo amayenera kubwerera tsiku lomwelo chifukwa m'mawa mwake alendo akuwadikira. Amakhala kumapeto kwa mpando, chikwama pamiyendo. Maulendo oyamba Kasopo ankapeza chochita kunja: kusitolo kwachuluka ntchito, mnzake wadwala. Amayi ake ankamwa tiyi ndi ine, kufunsa ngati akudya, kusiya kaphukusi ka mankhwala, n'kumapita. Ndinamulankhula Kasopo za kukhululuka kamodzi, ndipo anandiyankha kuti sanawakwiyire, angosowa choti akambe nawo. Sindinabwerezenso. Zina timangozisiya m'manja mwa Mulungu, chifukwa tikazigwiragwira timazithyola.

Ulendo wathawu Kasopo sanachoke. Kunali kozizira, ndipo anagona pa sofa atafunda. Achemwali anakhala moyang'anizana naye nthawi yaitali, kenako anasendeza chikwama pambali n'kupempha kuti aone bala. Kasopo anati linapola, ndipo sanavundukule. Koma nthawi ya basi itakwana anadzuka, anavala juzi, ananyamula chikwama cha amayi ake n'kutsogola. Ndinawayang'ana pazenera akutsika msewu, iye patsogolo pang'ono, iwo pambuyo akukoka mwendo wa kumanzere.

Atabwerera ndinamufunsa zimene anakambirana m'njira. Anati amayi ake anamufunsa ngati angabwerenso mwezi wamawa, ndipo iye anawayankha kuti aone kaye ngati kuntchito awalola.